Kukaona mabwinja a Amaya sitima ikaima padoko

Musanalipire tikiti ya sitima ya panyanja, yambani mwakonza viza ya America, chifukwa sitima zambiri zopita ku Mexico ndi Belize zimanyamukira ku Miami kapena Galveston.

Doko ndi limene limakusankhirani mabwinja, omwe ndi mizinda yakale ya Amaya, mtundu wa anthu a kumeneko. Sitima ikaima ku Costa Maya, pitani ku Chacchoben, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa basi. Ku Cozumel n'kovutirapo poti ndi pachilumba: mukwera boti mphindi 45 kukafika ku Playa del Carmen, kenako basi ola lina kupita ku Tulum. Nyanja ya pamenepo imawinduka, ndiye amene mumachita mseru imwani mankhwala musanakwere. Chichén Itzá ndi bwino kuipitira pa doko la Progreso, maola awiri kupita kokha. Kuchokera ku Cozumel tsiku lonse lingathere panjira.

Gulani ulendowu kwa eni sitima ngakhale ndi wodulirapo. Basi yawo ikachedwa sitima imadikira, koma mukapita panokha imakusiyani. Wotchi yanu itsate nthawi ya m'sitima, osati ya foni, poti foni imasintha yokha ikagwira netiweki ya kumtunda.

Amene munakwerapo phiri la Great Zimbabwe mukudziwa nsapato zofunika. Onjezani chipewa, mankhwala a udzudzu ndi madzi okwana lita imodzi ndi theka. Ku Tulum mthunzi ndi wosowa, ndipo mabotolo apulasitiki otaya sawalola. Ndalama zing'onozing'ono za ku Mexico, zotchedwa peso, zimathandiza kuzimbudzi. Piramidi ya El Castillo ku Chichén Itzá musayese kukwera, analetsa, ndipo amalipiritsa chindapusa.