Mng'oma woyamba: muyeso, malo ndi nthawi yofula uchi

Musanaganize za uchi, yambani mwaona muyeso wa mng'oma. Njuchi zimasiya mpata wa mamilimita 6 mpaka 9 pakati pa zisa woti zizidutsamo. Mpata ukachepa zimaumata ndi utomoni, ukakula zimamangamo chisa china, ndiye tsiku lotsegula mumapeza zonse zitagwirana. Lorenzo Langstroth, mlimi wa njuchi wa ku America, anatengera mpata umenewu pokonza mng'oma wamafelemu mu 1851. Ngati mng'oma wanu ndi wa timatabwa topingasa pamwamba, kathabwa kalikonse kakhale mamilimita 32 mpaka 35 m'lifupi. Pakani mzere wa phula losungunula pakati pake kuti chisa chiwongoke. Fungo la phulalo limakopanso njuchi.

Mng'oma ukhale pamthunzi pang'ono, kutali ndi njira ya anthu ndi ziweto, koma madzi akhale pafupi. Uikeni pathandala, miyendo yake ili m'zitini zokhala ndi oyilo, chifukwa nyerere zikalowa njuchi zimatha kusamuka.

Tsegulani mng'oma tsiku lopanda mvula ndi mphepo, mutavala zoyera ndi chophimba kumaso. Imani kumbuyo kwa mng'oma, osati kukhomo. Thirani utsi pang'ono pakhomo n'kudikira mphindi ziwiri. Utsiwo ukhale wozizira, wotentha umangozikalipitsa. Oyamba kumene amataya nthawi kusakasaka mfumukazi, njuchi yoikira mazira, pamene zisa zikuzizira panja. Ingoyang'anani mazira: amakhala oyera, aang'ono kwambiri, limodzi pansi pa kachipinda kalikonse ka chisa. Dzira limaswa pakatha masiku 3, choncho mukawaona dziwani kuti mfumukazi ilipo. Mukapeza mazira angapo m'kachipinda kamodzi, ena atamatirira m'mbali, kawirikawiri ndiye kuti mfumukazi inafa ndipo zikuikira ndi njuchi zantchito. Mazira otere amangotulutsa zazimuna.

Njuchi ikakulumani, palani mbola ndi chikhadabo msangamsanga n'kuthirapo utsi, poti fungo la mbola limaitana zinzake.

Pofula, tengani zisa zokhazo zomwe zavundikiridwa ndi phula pafupifupi ponseponse. Uchi wosavundikira umakhala ndi madzi ambiri, ndipo akapitirira 20 peresenti umasasa n'kuchita thovu m'botolo. Zisa zokhala ndi ana musazikhudze, ndipo zisiyireni njuchi uchi wodya pa nyengo yopanda maluwa. Musawiritse uchi. Phwanyani zisa, sefani pansalu yoyera, kenako tsekani bwino chifukwa uchi umakoka chinyezi cha mumpweya.