Momwe mungajambulire piyano kuti izilira mu kompyuta ngati yeniyeni

Ngati tchalitchi kapena sukulu ya kwanuko ku Mangochi ili ndi piyano yeniyeni ya nsambo, mutha kujambula liwu lake noti ndi noti n'kuliika mu pulogalamu yoti muziliza ndi kiyibodi ya MIDI, yomwe imatumiza ku kompyuta uthenga wa kiyi yomwe mwagunda ndi mphamvu yake. Nkhani yaikulu ili pa kamenyedwe. Nyundo ya mkati ikagunda nsambo pang'ono, liwu limatuluka lofewa; ikagunda mwamphamvu, limatuluka lakuthwa. Kukweza voliyumu ya noti yofewa sikuisandutsa yamphamvu, n'chifukwa chake noti iliyonse imajambulidwa kangapo pa mphamvu zosiyana. Mu MIDI mphamvuyi amaitcha velocity, ndipo imayambira pa 1 kulekeza pa 127.

Yambani ndi kuwerengera ntchito. Piyano ili ndi makiyi 88, kuyambira A0, yomwe mu MIDI ndi nambala 21, mpaka C8, nambala 108. Musajambule onse. Jambulani kiyi imodzi, mudumphe awiri: A, C, D#, F#, kenako A ina. Mukatero manoti akwana 30, ndipo pulogalamu idzadzaza otsalawo pokweza kapena kutsitsa noti yoyandikana nayo. Pa mphamvu zinayi, mafayilo akhala 120. Pa mphamvu 8, akhala 240. Ngati ndi koyamba, zinayi zikukwanirani.

Piyanoyo ichunidwe tsiku limodzi musanajambule, A4 ikhale pa 440 Hz. Kutentha ndi chinyontho cha kunyanja kuno zimafufumitsa ndi kuumitsa matabwa a piyano, kotero imasokonekera msanga. Manoti ambiri ali ndi nsambo zitatu, ndipo imodzi ikaphonya pang'ono liwu limanjenjemera. Poti fayilo imodzi itumikira makiyi atatu, vutolo lidzamveka patatu. Onaninso pedulo ndi mpando ngati zikulira. Chotsani mabuku a nyimbo ndi maluwa amene amaikidwa pamwamba, chifukwa amanjenjemera manoti a m'munsi akagundidwa.

Nthawi yojambulira muisankhe mosamala. Masana kuli njinga zamoto za kabaza, ndipo malata amathetheka dzuwa likaswa mtengo, makamaka mu Okutobala. Usiku wa m'dzinja kuli achule ndi nkhululu. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umagwedeza mawindo, ndiye muwatseke ndi kutsekera mipata ndi nsalu. Nthawi yabwino ndi pakati pa usiku, ndipo muweruke tambala asanalire ndiponso kuitanira mapemphero a m'bandakucha ku mizikiti kusanayambe. Fani ndi firiji zizimitsidwe, ngakhale thukuta lituluke. Laputopu ikhale pa batire lodzaza, interface (kabokosi kolumikiza maikolofoni ku kompyuta) ikhale yotenga mphamvu ku USB: magetsi akazima simutaya kanthu, komanso mupewa kamng'ung'uzo ka 50 Hz kolowera m'mawaya.

Mufunika maikolofoni awiri a condenser ofanana, ndi interface yopereka 48V, magetsi amene maikolofoni amtunduwu amafuna. Ngati piyano ndi yoimirira, ikokeni kuchoka ku khoma, tsegulani chivundikiro cha pamwamba, ndi kuchotsa thabwa la kutsogolo kuti nsambo zioneke. Maiki imodzi iloze kumanzere komwe kuli manoti a m'munsi, ina kumanja, iliyonse pa mtunda wa masentimita 30 mpaka 40 kuchokera ku nsambo. Mukayandikiza kwambiri, mumva kugogoda kwa nyundo kuposa noti. Jambulani pang'ono, muphatikize liwu la maiki awiriwo kukhala limodzi (mono), mumvetsere. Liwu likapyapyala, ndiye kuti maiki awiriwo akulimbana. Sunthani imodzi pang'ono mpaka liwu lidzaze. Zikakhala bwino matani tepi pansi pomwe paima miyendo ya masitandi.

Mu pulogalamu yojambulira mawu monga Reaper kapena Audacity sankhani 24-bit, 48 kHz, WAV. Mphindi imodzi ya stereo imadya pafupifupi 17 MB. Tsopano gundani mwamphamvu zonse manoti angapo, a m'munsi ndi a pakati, mukonze gain, chokwezera liwu lolowa cha pa interface, kuti pofuulitsitsa pafike pa -6 dB. Kuchokera apa gain musaikhudzenso mpaka mutamaliza. Ambiri amaononga ntchito pomwepa: akaona noti yofewa ikuoneka yaing'ono pa sikirini amakweza, ndiye kusiyana kwa mphamvu komwe amafuna kujambulako kwatayika, phokoso la m'chipinda nalo lasiyana fayilo ndi fayilo.

Chala cha munthu sichingagunde velocity 70 ndendende. Chochita n'chakuti woimba agunde noti imodzi kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kuyambira chapansipansi mpaka mwamphamvu, inu mudzasankhe zinayi pambuyo poyang'ana mita yoonetsa kukula kwa liwu. Agwire kiyi mpaka liwu litatheratu, osaponda pedulo, osasuntha pa mpando. Noti ya m'munsi itha kulira masekondi 30 kapena kuposa, pamene ya pamwamba imatha m'masekondi ochepa. Akachotsa chala, adikire masekondi atatu asanagunde ina. Atchule dzina la noti asanaiyambe, kuti podula musasochere. Pomaliza jambulani padera kaphokoso ka kiyi pobwerera ndi ka pedulo, komanso mphindi imodzi ya chipinda chili zii, yothandiza pochotsa phokoso.

Podula, siyani mamilisekondi awiri mpaka asanu noti isanayambe. Mukasiya ambiri, kiyibodi idzamveka yochedwa. Mukadula mopitirira, mutu wa noti uchoka. Kumapeto ikani fade yaitali, yoti liwu lizizimirira pang'onopang'ono. Musachite normalize (kukweza voliyumu mpaka pamalire) fayilo iliyonse payokha. Mayina akhale a dongosolo limodzi, monga C4_v1.wav (yofewetsetsa) mpaka C4_v4.wav (yamphamvu koposa). Posankha, yerekezani manoti oyandikana: v2 ya C4 isafuule kuposa v2 ya D#4.

Kulumikiza zonse n'kosavuta ndi SFZ, yomwe ndi fayilo wamba yolembedwa mu Notepad, ndipo imalira mu sforzando, pulogalamu yaulere ya Plogue. Gawani velocity motere: 1 mpaka 40, 41 mpaka 70, 71 mpaka 100, 101 mpaka 127. Mzere wa fayilo imodzi umaoneka chonchi:

<region> sample=C4_v3.wav pitch_keycenter=60 lokey=59 hikey=61 lovel=71 hivel=100

Apa pitch_keycenter ndi nambala ya MIDI ya noti yojambulidwayo, lokey ndi hikey ndi malire a makiyi, lovel ndi hivel ndi malire a velocity. Mizere yotere ikhala 120. Mukayesa n'kupeza kuti manoti ofewa sakumveka n'komwe, vuto ndi lakuti pulogalamu ikutsitsanso voliyumu ya fayilo yomwe ndi yofewa kale. Mu fayilo ya SFZ chepetsani amp_veltrack, yomwe imalamula mmene velocity imasinthira voliyumu, kuchoka pa 100, muzimvetsera. Kaphokoso ka kiyi pobwerera kamaikidwa ndi trigger=release, motsitsa kwambiri. Kenako lizani kiyi imodzi mokweza mphamvu pang'onopang'ono: pomwe liwu ladumpha mwadzidzidzi, sunthani malire a lovel ndi hivel, kapena bwererani ku zojambula zija musankhe kagundidwe kena kapakatikati.