Kwini wake asakuopseni: kuphunzira misampha ya chess pa mavidiyo osawotcha bandulo pachabe

Ine chess ndinaganiza zoiphunzira mwa serious tsiku lomwe kamnyamata ka Form 2 kanandimaliza ndi mamuvu anayi okha, pakhonde la shopu ina yometera pa boma pa Dedza pano, mu June, kuzizira kuja koti dzanja limakana kutuluka mthumba. Ndinali ndisanakhazikike nkomwe pa benchi kwini wake ali kale pa f7, kakuti "meti akulu." Anthu kuseka, wina mpaka akuti madala bwererani ku drafuti. Ndinapita kunyumba mtima ukuwawa, ndagula bandulo, ndaonera mavidiyo a chess pa YouTube mpaka tambala woyamba, mawa lake ndabwerera pakhonde paja kondibwezanso chimodzimodzi. Nde apa mpamene ndinazindikira kuti vuto silinali mavidiyo ayi, vuto ndimaonera ngati filimu, chogona, bulangete mpaka mkhosi, ndikungovomereza ndi mutu zinthu zoti dzanja langa silinazigwirepo.

Poyamba penipeni, musanatsegule vidiyo iliyonse, dziwani maina a timabokosi. Mizere yochoka kwa inu kupita kwa mnzanu ili ndi malembo a mpaka h, yopingasa ili ndi manambala 1 mpaka 8, zoyera zimayambira ku 1 ndi 2, zakuda ku 7 ndi 8. Kabokosi kapakona ka kudzanja lanu lamanja kakhale koyera, kwini akhale pa kabokosi ka mtundu wake. Polemba, N ndi hatchi, B bishopu, R ruku, Q kwini, K mfumu, poni alibe chilembo amangotchula pomwe wapita, x ndiye kuti wadya, + ndi cheki (mfumu yaopsezedwa), # ndi meti (mfumu ilibe kothawira, gemu yatha). Madzulo amodzi mwazigwira. Mukapanda kutero munthu wa mu vidiyo azidzati "knight to f6" inu maso ali kwina.

Kenako bolodi ikhale pambali pa foni. Izi ndiye ndimakakamira kwambiri. Ngati mulibe seti dulani katoni, jambulani timabokosi 64, tengani zitsekerero za mabotolo zomwe timaseweretsa drafuti zija mulembepo malembo ndi maka, zikwana. Munthu wa mu vidiyo akasuntha inunso sunthani pa bolodi yanu, ndipo akangofika poti apa pali msampha imitsani vidiyo asananene yankho, ganizani nokha kaye kuti kodi mnzangayu akufuna chani, sankhani muvu yanu, kenako mpamene muziyambitsanso. Mukalakwa ndi bwino kumene, zomwe walakwitsa wekha sizichoka mmutu. Chizungu chawo ena amathamanga nacho, nde tsitsani spidi ifike 0.75, ndipo musadandaule mukaphonya mawu ena chifukwa amajambula mivi pa bolodi, mivi ija ndi yomwe mukuifuna.

Za bandulo, musaonere pa HD, chess si mpira. 360p imakwana, 240p imathekanso, koma 144p ayi, bishopu ndi poni amaoneka ngati mapasa. Mukapeza WiFi penapake dawunilodani vidiyo imodzi kapena ziwiri basi muzibwereza zomwezo sabata yonse ngakhale netiweki itathawa. Ndipo musamasake mwachisawawa. Sakani chomwe chakugwirani dzulo. Lembani dzina la msampha ndi mawu oti "how to defend" kutsogolo, chifukwa mukangolemba dzina lokha akubweretserani mavidiyo ophunzitsa kutchera, pomwe inu mukufuna kuonjoka.

Tiyambe ndi womwe unandigwira ine. Amautcha Scholar's Mate, umayenda chonchi: 1.e4 e5 2.Bc4 Nc6 3.Qh5 Nf6 4.Qxf7#. Ine pa muvu yachitatu ndinatulutsa hatchi pa f6 ndikudziona wochenjera kuti ndikuthamangitsa kwini, osadziwa kuti kwini ndi bishopu onse maso ali pa f7. Taonani bolodi gemu isanayambe, poni wa pa f7 mlonda wake ndi mfumu yokha, palibenso wina, kwa zoyera ndi f2. Nchifukwa chake misampha yambiri ya oyamba kumene imalowera pakhomo pomwepo, ngati fisi amene wadziwa pomwe khola linathyoka.

Ena amayamba ndi kwini, 2.Qh5, ndipo apa mpomwe anthu oonera vidiyo theka amagwera. Amva kuti mankhwala ake ndi g6 nde amangoponya g6 pompopompo, kwini nkudya poni wa pa e5 ndi cheki, uku akuloza ruku wa pa h8, ruku wapita ulele. Ndondomeko yake ndi iyi: akabwera Qh5 tetezani e5 kaye ndi Nc6, akabweretsa Bc4 apo nde g6, kwini akabwerera pa f3 dziwani kuti sanasiye, akulozabe f7 yomweyo, tsekani njira ndi Nf6. Kuchoka apo bishopu pa g7, pangani castle (muvu yosuntha mfumu ndi ruku nthawi imodzi kuti mfumu ibisale pakona), mwapuma. Iyeyo wataya nthawi kuyendetsa kwini yekhayekha pomwe inu ana anu onse atuluka. Amakani ena amapitiriza ndi 5.Qb3 kuti alowebe pa f7, musanjenjemere, ikani hatchi pa d4. Akadya Bxf7+ mfumu ipite e7, kwini wake ali pamoto komanso akuyenera kulondera bishopu uja, akapita c4 mumukankhe ndi b5, alibenso poima pomwe angamutetezere, bishopu ndi wanu. Mzere umenewu ndinaubwereza pa katoni langa mwina kakhumi, mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati ndayamba zoombeza.

Wachiwiri ndi woopsa kuposa woyambawu chifukwa amasewera ndi anthu odziwako ndithu. Dzina lake Fried Liver, a ku Italy komwe unachokera amati Fegatello, nkhani ya chiwindi chokazinga, nde mukaganiza za pachiwaya simukuphonya kwambiri, wokazingidwayo ndinu. 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5, hatchi ndi bishopu pa f7 kachikenanso. Yankho lodalirika ndi d5. Iye adya exd5, nde dzanja limafuna lokha kubwezera ndi Nxd5, apo mpomwe pali dzenje. Amaponya hatchi yake 6.Nxf7 kuloza kwini ndi ruku nthawi imodzi, mfumu yanu idya, kwini abwera f3 ndi cheki, kuti musataye hatchi ya pa d5 mfumu ikuyenera kukwera mpaka e6, pakati pa bwalo, zida zonse za mnzanu zikuithira maso. Akatswiri mwina atha kupulumuka pamenepo koma ine ndi inu ayi.

Njira ndi ziwiri. Mavidiyo ambiri akuphunzitsani 5...Na5, kusiya poni uja nkukavutitsa bishopu wa pa c4, kenako 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6, mwatsalira poni mmodzi koma zida zanu zimatuluka mwachangu ndipo hatchi yake ija muithamangitsa ndi h6. Ndi yabwino, akuluakulu amasewera imeneyo, koma kunena zoona kwa munthu woyamba kusewera uli ndi ngongole ya poni kumasowetsa mtendere. Ine ndimakonda yachidule: pa muvu yachitatu musatulutse hatchi pa f6, tulutsani bishopu pa c5. Akangothamangira Ng5 kwini wanu amangoidya hatchiyo ulele chifukwa njira yochoka d8 kufika g5 ili pululu. Akayamba wakonza ndi d3, inu Nf6, akabwera Ng5 mungopanga castle, ruku wafika pa f8 kudzalondera f7, nkhani yatha.

Mukakhala ndi zoyera musaganize kuti mwapulumuka. Alipo anyamata omwe mukangoyamba 1.d4 amayankha e5, kukupatsani poni ngati mphatso. Imeneyo ndi Englund Gambit. Idyani poniyo palibe vuto, vuto lili kutsogolo: 2.dxe5 Nc6 3.Nf3 Qe7 4.Bf4 Qb4+ 5.Bd2 Qxb2. Apa kwini wake akuloza ruku wa pa a1, nde Bc3 imaoneka yokoma zedi, ukuteteza ruku uku ukuthamangitsa kwini. Ndi poizoni. Amabweretsa Bb4, bishopu wanu wamangidwa chifukwa kumbuyo kwake kuli mfumu, mukati Qd2 adya Bxc3, mubwezera Qxc3, kwini wake atsikira pa c1, meti, mamuvu 8. Muvu yoyenera ndi 6.Nc3, hatchi ikachoka pa b1 kwini wanu amamuona ruku uja, kenako Rb1 nkuyamba kumuthamangitsa kwini wakeyo mpaka asowe kolowera. Muvu imodzi yokhayo ndi yomwe muyenera kulemba mu kope, zina zonse zimabwera zokha.

Eya, kope. Gulani kakope ka masamba ochepa, msampha uliwonse tsamba lake, pamwamba mamuvu omwe anakugwirani, pansi muvu yomwe munayenera kusewera ndi chifukwa chake mmawu anuanu a Chichewa. Chifukwacho ndi chofunika kuposa muvuyo, poti mnzanu akasintha ndondomeko pangono zoloweza pamtima zimabalalika koma "f7 ali yekha" kapena "bishopu amangidwa" sizisintha.

Ina iwiri ndingoidutsa mwachangu poti matenda ake ndi amodzi, dyera. Stafford Gambit, yomwe inatchuka kwambiri chifukwa cha mavidiyo a Eric Rosen: 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 Nc6 4.Nxc6 dxc6 5.d3 Bc5, mukaika bishopu pa g5 iye amadya e4 ndi hatchi kusiya kwini wake poyera, mukamudya kwiniyo ndi Bxf2+, Ke2, Bg4 meti. Ikani bishopu pa e2, kenako c3 ndi d4 kumutsekera bishopu wake wa pa c5. Inayo ndi Blackburne Shilling Gambit, 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nd4, poni wa e5 wasiyidwa dala ngati nyambo, mukamudya kwini atulukira pa g5 mavuto ayambika. Idyani hatchi ya pa d4 ndi hatchi yanu kapena pangani castle. Munthu amene sanaledzere akakusiyirani chinthu chaulele pa muvu yachitatu, bwezani dzanja kaye.

Za oti muziwaonera, ine ndinayambira kwa Levy Rozman wa GothamChess, amafotokoza momveka koma amalankhula mothamanga komanso phokoso, spidi ija itsitseni. Eric Rosen ndi wofatsa, koma kumbukirani kuti iyeyo amakonda kutchera, muzimuonera kuti mudziwe zomwe adani anu akuphunzira. John Bartholomew ali ndi mndandanda wotchedwa Chess Fundamentals, Aman Hambleton wa Chessbrah ali ndi Building Habits, awiriwa ndi omwe anandithandiza kusiya kupereka zida ulele, ngakhale mavidiyo ake ndi aatali nde amafuna WiFi. Omwe ndimawakayikira ndi aja a mitu yoti pambanani mu mamuvu 7, amakoma kuonera ndipo sabata yoyamba muwagwiradi anzanu awiri atatu pakhonde, koma pa Dedza osewera ndife omwewomwewo, sabata yachiwiri aliyense waudziwa, mwatsala ndi poni wochepa ndi gemu yoti simukudziwa kuipitiriza.

Mukamaliza vidiyo yesani pa anthu. Lichess, webusaiti yosewerera chess pa intaneti, ndi yaulere yonse ndipo gemu siidya data ngati vidiyo, sewerani za mphindi 10 kapena 15, osati za mphindi imodzi zija, kumeneko simuphunzira kanthu koma kuthamangitsa chala. Gemu ikatha tsegulani analysis, Stockfish, pulogalamu ya kompyuta yosanthula magemu a chess, ikuonetsani pomwe zinakhotera, mukaona kuti mwagwa musanafike muvu ya 10 tengani mamuvu amenewo ndi omwe mukasake vidiyo yake. Kapena gwirizanani ndi mnzanu, iye azikutcherani Fried Liver kasanu motsatizana inu muzionjoka, kenako musinthane.

Kamnyamata kaja ndinakakumananso nako patatha mwina masabata atatu, pakhonde pomwe paja. Kanabwera ndi Qh5 yake, ine Nc6, Bc4, ine g6, Qf3, ine Nf6, kanandiyang'ana kaye nkupita Qb3, ine hatchi pa d4 mwakachetechete ngati sindikudziwa kanthu. Bishopu ndinamudya ndithu, wometa mpaka anaimitsa mashini kudzaona. Gemuyo ndinaluzabe kkkk, kumapeto kanandidyera ruku ndi foloko ya hatchi, kuja hatchi imaloza zida ziwiri nthawi imodzi, ine ndili busy kuwerenga maponi ake, nde pano mu foni muli mavidiyo awiri a mafoloko, katoni lija ndalitulutsanso.