Momwe mungaphatikizire matebulo angapo kukhala mndandanda umodzi mu Django

Django ndi chida cha Python chopangira mawebusayiti. Tiyerekeze kuti muli ndi matebulo atatu mu database: Wophunzira, Kalasi ndi Sukulu, olumikizana ndi ForeignKey, yomwe imaloza mzere wa tebulo lina. Abwana akufuna fayilo ya CSV yoti mzere uliwonse uzionetsa dzina la mwana, kalasi yake ndi boma komwe kuli sukuluyo.

Choyamba, yambirani pa tebulo lomwe mukufuna kuti lizipereka mzere umodziumodzi. Apa ndi Wophunzira.

Chachiwiri, itanani values(). Kuti mulumphire ku tebulo lina, ikani timizere tiwiri tapansi pakati pa mayina:

Wophunzira.objects.values("dzina", "kalasi__dzina", "kalasi__sukulu__boma")

Django imalemba yokha JOIN, lamulo la SQL lolumikiza matebulo, ndipo database imafunsidwa kamodzi kokha. Ambiri amakonda kuzungulira ndi for n'kumatola wophunzira.kalasi.sukulu mwana aliyense payekha. Ana akakhala 500, mafunso amafika 1,001, seva n'kuyamba kukwawa. Ngati mukufunadi ma object athunthu, select_related("kalasi__sukulu") imathetsa vutoli, koma pa lipoti values() ndiyo yopepuka.

Chachitatu, sinthani mayina ataliataliwo ndi F, yochokera mu django.db.models:

Wophunzira.objects.values("dzina", boma=F("kalasi__sukulu__boma"))

Musasankhe dzina lomwe lilipo kale pa model, monga kalasi, chifukwa Django ikana.

Pomwe anthu amapsa zala ndi pa ubale wobwerera m'mbuyo. Tiyerekeze kuti palinso tebulo la Mayeso lomwe limaloza kwa Wophunzira. Mukawonjezera "mayeso__malikisi" mu values(), mwana yemwe analemba mayeso asanu atuluka kasanu. Database sinalakwitse, JOIN imagwira ntchito choncho. Ngati mukufuna mzere umodzi pa mwana, phatikizani malikisiwo ndi annotate(avereji=Avg("mayeso__malikisi")). Koma chenjerani: values() ikakhala patsogolo pa annotate(), Django imaunjika mizere potengera zomwe mwatchula mu values() mokha. Ana awiri a dzina limodzi m'boma limodzi asanduka munthu mmodzi, malikisi awo atasakanikirana. Ikanimo "id", basi nkhani yatha. Mukawerenga maubale awiri nthawi imodzi, mwachitsanzo mayeso ndi malipiro a fizi, manambala amafufuma, ndiye lembani Count("mayeso", distinct=True).

Mwana wopanda kalasi sasowa pamndandanda ngati ForeignKey ili ndi null=True. Django imagwiritsa ntchito LEFT OUTER JOIN, ndipo pamalo pa boma pamabwera None.

Musanatumize fayilo, sungani zotsatirazo mu qs ndipo lembani print(qs.query) kuti muone SQL yeniyeni. Kenako sinthani values() kukhala values_list(), koma mubwezeretse dzina lalitali "kalasi__sukulu__boma" chifukwa values_list() silandira boma=F(...), n'kupereka mizereyo kwa csv.writer kudzera mu writerows().