Kusankha injini ina ya galimoto yakale ndalama zili zochepa

Injini ikanoka, mwini galimoto amafika pagalaji ndi funso limodzi lokha: "Bwana, injini ina ili pa ndalama zingati?" Ine ndimakonza magalimoto ku Luwinga, ndipo funso limeneli sindithamangira kuliyankha. Ndimayamba ndafufuza chomwe chapha injini yoyambayo. Injini za Toyota zomwe zadzaza mu Mzuzu muno, kaya 5A ya ma Corolla akale kaya 1NZ ya Sienta ndi Probox, sizifa wamba. Nthawi zambiri imakhala kuti inawira pokwera Chiweta kapena pochokera ku Nkhata Bay galimoto itadzaza anthu ndi katundu, apo ayi inayenda miyezi yambiri oyilo osasintha. Ngati redieta ndi yotsekeka kapena fani inaleka kuzungulira, injini yomwe mugule ikafa imfa yomweyo, ndipo ndalama zanu zidzangolowa m'madzi.

Chachiwiri, tsimikizani kuti injiniyo yathadi. Galimoto yofuka utsi woyera ndi kumwa madzi mwina yangopsa gasiketi, ndipo ngati silinda hedi sinapindike kwambiri amaisepa n'kuibwezera. Yofuka utsi wabuluu ikudya oyilo, mwina maring'i a mapisitoni atha, ndipo ovaholo, kutanthauza kuphwasula injini n'kusintha zomwe zatha, ingathandize. Koma ikamagogoda pansi, kulankishafuti itakandika kapena buloko itang'aluka, kuikonza kumadya ndalama zofika pa mtengo wa injini ina. Apo ndiye ndimamuuza munthu kuti tiyeni tisake.

Injini zogulitsa zili mitundu iwiri. Pali zochokera ku Japan, zomwe zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo pali zochotsedwa m'magalimoto omwe anachita ngozi kapena anatha konkuno. Ya ku Japan imakwera mtengo, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, koma kawirikawiri imakhala isanazunzike. Yakonkuno ndi yotsikirapo, ndipo ndimaivomera pokhapokha ndikaimva ikulira ikadali m'galimoto yake. Injini yomwe yakhala pansi panja nyengo yonse yamvula ya kuno, mapulagi atachotsedwa, ndimaisiya ngakhale atandichotsera mtengo.

Musanapite kokagula, tsegulani boneti muwerenge kachitsulo kapena kapepala kolembedwa nambala ya chasisi ndi mtundu wa injini. Jambulani pafoni. Mugule injini ya mtundu womwewo, zilembo zonse zifanane. Apa m'pamene anthu ambiri amapwetekera, chifukwa injini zina zimafanana kunja. 1NZ-FE ndi ya 1,496cc pamene 2NZ-FE ya Vitz ndi Platz ndi ya 1,298cc, koma zikakhala pansi moyandikana simungazisiyanitse ndi maso okha. Chimodzimodzi 5A-FE ndi 4A-FE. Mtundu weniweni unadindidwa pabuloko pafupi ndi nambala ya injini. Pukutani ndi kansanza muwerenge nokha, musadalire zolembedwa ndi penti. 1NZ-FXE ndi ya Prius, galimoto ya haibulidi, ndipo mu Sienta wamba simungaigwiritse ntchito.

Ngakhale mtundu ufanane, yang'ananinso chaka. Ma 1NZ oyambirira amakoka mafuta ndi kebulo, pamene am'mbuyo muno amayendera magetsi. Mapulagi a mawaya ndi masensa amasiyananso malinga ndi galimoto yomwe injiniyo inachokera komanso giya bokosi yake. Mukalakwitsa apa, muyamba kudula mawaya ndi kusaka kompyuta ina, ndipo zomwe munapulumutsa pogula zidzathera kwa wamagetsi. Anyamata ena amabwera ndi maganizo oika injini yaikulu kuti galimoto izikoka bwino pa Chikangawa. Munthu wa ndalama zochepa ndimamuletsa: zimafuna mamaunting'i ena, mawaya ena, nthawi zina giya bokosi ina, ndipo mafuta izimwa ochuluka tsiku lililonse.

Tsiku logula pitani ndi makaniko wanu, yemwe adzaike injiniyo, ndipo mumulipire tsiku lakelo. Atenge tochi, sipanala ya mapulagi ndi sipanala yaikulu yozunguzira pule ya kutsogolo. Ine ndimayamba ndi kutsegula chotsekera cha oyilo n'kuunika mkati. Zitsulo zikamaoneka zoyera kapena zachikasu pang'ono, mwini wake ankasintha oyilo. Mukaona zinyalala zakuda zolimba zitamatirira pakamushafuti, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka pansi pa chotsekeracho, ichokereni. Kenako ndimamasula mapulagi onse anayi n'kuwayala pathabwa motsatana momwe analili. Afanane mtundu, akhale ouma ndi otuwa. Imodzi ikakhala yonyowa ndi oyilo, kapena yoyera mbee kusiyana ndi anzake chifukwa chotsukidwa ndi madzi, silinda imeneyo ili ndi vuto. Mapulagi ali kunja choncho, zunguzani injini ndi dzanja kawiri konse. Iyende mosakakamira paliponse. Wogulitsa akalola, masulani sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini: tizitsulo tonyezimira pansi pake tikutanthauza kuti mabering'i ayamba kudyeka.

Ngati pali sitata ndi batire, yezani kompuleshoni, mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Wogulitsa wokana zonsezi, amene akungoti "ndi fuleshi, bambo, yangotsika kumene", musakangane naye, pitani pena. Injini yotsukidwa mpaka kuwala nayo ndimaikayikira, chifukwa pomwe pankadontha oyilo sipaonekanso.

Mugwirizane ndi wogulitsa polemba kuti akupatsani masiku angati oti muiyese, ndipo masikuwo ayambe kuwerengedwa injini ikaikidwa. Funsaninso zomwe zikubwera nayo, chifukwa ena amatchula mtengo wotsika atachotsa kale altaneta, sitata, makoilo ndi mainjekita. Ngati zanu zakale zili bwino, injini yopanda zimenezi ikhoza kukupulumutsirani ndalama ndithu. Injini yakaleyo musaitaye msanga. Masensa, mabulaketi ndi manifodi ake amathandiza poika inayo, ndipo zotsala ogula zitsulo amatenga.

Ndalama zonse zisathere pa injini. Sungani zina za oyilo ndi fyuluta, kulanti (madzi oziziritsa injini), themositati (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madziwo malinga ndi kutentha), mapaipi a madzi ofewa kapena otupa, kutsukitsa redieta, ndi malipiro a woika. Injini ili pansi ndi nthawi yabwino yosintha silu ya kumbuyo kwa kulankishafuti, chifukwa ikadzadontha itaikidwa kale mudzalipiranso kutsitsa giya bokosi. 5A ndi 4A zimayendera lamba wa taiming'i, ndipo popeza simudziwa kuti wayenda mtunda wotani, ikani watsopano pamodzi ndi wotapampu. 1NZ ili ndi tcheni, choncho apo mwapuma. Themositati musalole kuti aichotse, ngakhale ambiri amatero poganiza kuti akuziziritsa injini. M'mawa wa June kuno ku Mzuzu injini yopanda themositati imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri ndipo imadyeka msanga.

Lisiti ikhale ndi nambala ya injini, dzina la wogulitsa ndi tsiku. Nambala yooneka yofufutidwa kapena yodindidwanso ndi chizindikiro choti mwina injiniyo ndi yobedwa, ndipo mlandu umagwera amene wapezeka nayo. Mukaika, tengani lisitiyo ndi blue book kupita ku Road Traffic kuti nambala yatsopano ilowe m'mapepala a galimoto, isadzakuvuteni poyezetsa galimoto kuti mupeze COF kapena pogulitsa.

Sabata yoyamba yendani mtauni momwe muno, Katoto, Chibavi, Zolozolo, osanyamula katundu wolemera. M'mawa uliwonse musanalize, yezani oyilo ndi madzi ndipo muyang'ane pansi pomwe galimoto inagona. Mukaona kuti palibe chikuchepa, ikwezeni chitunda cha msewu wochokera ku Nkhata Bay maso ali pa geji ya kutentha, masiku omwe munagwirizana ndi wogulitsa asanathe.