Therere lobala musamalisiye likhwime

Anzanga amene mwadzala therere kuseri kwa nyumba dzinja lino, likangoyamba kubala, patatha miyezi iwiri chidzalireni, muziliyendera masiku awiri kapena atatu alionse. Thyolani likadali lanthete, lotalika ngati chala. Kuti mudziwe, pindani kansonga kake: kakathyoka kuti thyo, ndiye labwino. Kakangopindika, lapita limenelo, ngakhale mutathira chidulo chochuluka bwanji mudzangotafuna luzi.

Choipa china n'chakuti mtengo ukasiyidwa ndi therere lokhwima umachita ulesi, maluwa atsopano amachepa. Ine ndimadula ndi mpeni m'mamawa, nditavala malaya a manja aatali, chifukwa masamba ake amayabwa zedi.

Mbewu ya chaka chamawa sungani pa mtengo umodzi wokha, liumire pomwepo.