Momwe mungakhazikitsire seva ya imelo ya bungwe lanu ndi yotumizira uthenga kwa gulu

Bungwe lathu la alimi a soya ndi mtedza kuno ku Kasungu linkafuna njira yoti kalata imodzi izifika kwa atsogoleri a makalabu onse, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, ndipo ntchitoyo inagwera ine.

Choyamba, musaike seva mu ofesi, chifukwa magetsi akazima makalata onse amaima. Lipirani VPS, yomwe ndi seva yobwereka pa intaneti, imene mtengo wake ndi madola ochepa pamwezi, ngakhale kuti kupeza ndalama zakunja pa khadi la banki ndi nkhani ina. Samalani ndi anthu ogulitsa VPS motchipa m'makwacha. Musanalipire, funsani ngati port 25, khomo limene maseva amatumizirana makalata, ndi yotsegula, ndipo onani ngati IP address imene akukupatsani sili pa mndandanda wa Spamhaus wa maadiresi otumiza spam (makalata osafunika), popeza adiresi yodetsedwa kale ndi otumiza spam imavuta kwambiri kuiyeretsa.

Kenako sankhani pulogalamu yonyamula makalata. Sendmail ya Eric Allman, ya m'chaka cha 1983, ndi gogo wa onse, koma fayilo yake ya sendmail.cf ndi yovuta kuwerenga moti sindingailangize kwa woyamba kumene. Exim, imene Philip Hazel analemba pa yunivesite ya Cambridge mu 1995, imabwera ndi Debian, mtundu wina wa Linux, ndipo imalola kusintha chilichonse, koma mu 2019 inapezeka ndi mipata yoopsa yolowera akuba. Qmail ya Daniel Bernstein inaima pa mtundu wa 1.03 mu 1998, choncho imafuna zigamba zambiri. Ine ndinasankha Postfix, imene Wietse Venema anatulutsa mu 1998 ali ku IBM, chifukwa inagawidwa m'timapulogalamu tating'ono topanda mphamvu zambiri pa seva, ndipo fayilo yake ya main.cf imamveka ukaiwerenga. Onjezani Dovecot kuti anthu aziwerenga makalata pafoni, kenako mu DNS, kaundula wa maadiresi a pa intaneti, lembani MX (yolozera makalata ku seva yanu), PTR (yolumikiza IP address ndi dzina la sevayo), SPF (yotchula maseva ololedwa kutumiza makalata m'dzina lanu) ndi DKIM (siginecha yotsimikizira kuti kalata sinasinthidwe).

Mapulogalamu otumizira kalata kwa gulu ndi amene ali ndi zofooka zambiri. Majordomo inasiyidwa kalekale. Mailman 2 imadalira Python 2, imene inasiya kukonzedwa mu 2020, komanso imatumizira mamembala mawu awo achinsinsi mwezi uliwonse osawabisa n'komwe. Mailman 3 ili m'zigawo zitatu, Core (yotumiza makalata), Postorius (tsamba loyendetsera gulu) ndi HyperKitty (yosunga makalata akale), ndipo imalemera pa VPS yaing'ono. Ndinatenga Mailman 3 yomweyo, nditayamba ndawonjezera RAM.

Pamenepa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikupemphani muwerenge modekha. Membala akalembera gulu, pulogalamu imawonjezera dzina la gulu pa mutu wa kalata ndi mawu ena pansi pake, n'kuitumizanso kuchokera pa seva yanu koma dzina la wotumiza likhale lomwe lija. Kusintha kumeneku kumaononga siginecha ya DKIM, ndipo SPF nayo siigwirizananso ndi adiresi ya wolembayo. Kuyambira mu Epulo 2014, pamene Yahoo inaika lamulo la DMARC la p=reject, louza maseva olandira kuti azikana kalata imene SPF ndi DKIM sizikuitsimikizira, makalata otere ochokera ku maadiresi okhala ndi lamuloli amakanidwa ndi maseva olandira. Chopweteka n'chakuti pulogalamu imawerengera kubwerera kwa kalata pa wolandira, osati pa wolemba, ndipo zikachitika kangapo imaimitsa kumutumizira munthu wosalakwa.

Ine sindinadziwe kalikonse mpaka tcheyamani wa kalabu ya ku Chamama anandiimbira foni m'mawa wina. Anati: “Achimwene, kodi ife tinalakwanji kuti mutichotse pa gulu? Za mtengo wa soya tangomvera kwa anzathu.” Usiku umenewo ndinakhala ndi laputopu pa tebulo lodyera ndikuwerenga /var/log/mail.log mzere ndi mzere, mpaka ndinaona nambala 550, yosonyeza kuti kalata yakanidwa, ikubwerezabwereza pamodzi ndi liwu loti DMARC. Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinadumpha tsamba la DMARC Mitigations mu Postorius. Pitani pa tsamba limenelo musanalembetse membala ngakhale mmodzi, ndipo sankhani kuti adiresi ya wotumiza izisinthidwa kukhala ya gulu. Dzina la wolemba limaonekabe, ndipo makalata amadutsa. Amene anaimitsidwa kale muyenera kuwabwezeretsa mmodzimmodzi, monga ndinachitira ine, kenako n'kuwaimbira foni kupepesa.

Zotsalazo n'zachizolowezi. Tengani satifiketi ya Let's Encrypt yotetezera kulumikizana ndi seva ndipo onetsetsani kuti ikudzikonzanso yokha isanathe ntchito, ikani Rspamd yosefa spam, sungani kope la mayina a mamembala kwina kosakhala pa sevayo, ndipo yesani kulembera gulu kuchokera ku Gmail, Yahoo ndi Outlook musanauze atsogoleri kuti zonse zakonzeka.